Mwinifumbi Wanenepa

Padangokhala. Amene muli nane vomerani msanga kuti tili tonse, chifukwa nthano iyi ndi yaliwiro ndipo wotsalira sitimudikira.

Padali midzi iwiri ya nyama, wa mfumu Njati ndi wa mfumu Chipembere. Pakati pawo padali dziwe limodzi lokha losaphwa m'chilimwe. Makolo awo adaphana chifukwa cha dziwe limeneli mpaka adatopa ndi maliro. Kenaka adapangana kuti nkhondo ithe, ndipo m'malo mwake chaka ndi chaka mudzi uliwonse uzitulutsa waliwiro wake mmodzi. Awiriwo azinyamuka pabwalo, kukazungulira mlambe wa kumalire, n'kubwerera. Mudzi wa wopambana uzimwa padziwe chilimwe chonse. Mudzi wa wogonja uzikatunga kuchitsime chakutali, ulendo wonyamuka m'mawa n'kubwerako dzuwa litapendeka.

Zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana a kwa Njati adagonja. Koma mudzi ukagonja, sikuti onse amagonja mofanana. Amene ankagonja ndi msana wake adali Nabulu, bulu wamkazi wa makutu aatali. Iyeyo ndiye ankasenzetsedwa mitsuko ya mfumu, ya nduna, ya okalamba, ndi ya aliyense amene mwendo unkayamba kumupweteka akangomva za kuchitsime. Ubweya udatha pamsana pake, padatsala zipsera zokhazokha.

Chaka chachisanu ndi chitatu kudatulukira Hatchi. Adafika yekha, wowonda, chingwe choduka chili m'khosi. Kwawo sankakudziwa, ngakhale dzina la atate ake. Adapempha malo ndipo mfumu idamupatsa. Paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Chaka chimenecho Hatchi adathamangira mudzi wa Njati ndipo adapambana. Chaka chotsatira adapambananso, chinacho chimodzimodzi. Opikisana naye ankafika pabwalo ali mbuu, akutsokomola fumbi lake, ndiye mudzi udamupatsa dzina loti Mwinifumbi.

Chikondi chimene mudzi udamukonda nacho sindidachionepo kwina. Tiana ta mbuzi tidasiya kudumpha ngati mbuzi, tinkangoyesa kuponya miyendo ngati iye. Fulu adaletsa mkazi wake kusesa pakhomo mwezi wathunthu chifukwa Mwinifumbi adapondapo. Mfumu idamuveka mkanda wofiira m'khosi. Ndipo mayi Nkhanga, mtsogoleri wa nyimbo m'mudzimo, adamupekera nyimbo yake. Sidali yaitali. Mayi Nkhanga ankayamba ndi funso, kufunsa ngati a kwa Chipembere adaionapo nkhope ya Mwinifumbi, ndipo khamu lonse linkavomera kuti iwo aja amangodziwa mchira wokha. Povomerapo ankaomba m'manja katatu mofulumira, kutsanzira kugunda kwa ziboda.

Nabulu nayenso ankamukonda. Sankaimba nawo, chifukwa mawu ake ankasokoneza anzake, koma Hatchi akamathamanga iye ankaima kumbuyo kwa khamu misozi ili chuchuchu. Zaka zitatu zimenezo ubweya udameranso pamsana pake.

Tsono chikondi cha kwathu kuno chimathera m'mbale. Banja lililonse lidafuna kuti Mwinifumbi alaweko zake. Ankabwera pakhomo pake m'mawa, n'kuyambitsa nyimbo ija. Iye ankatuluka, n'kuvinavina pang'ono monyadira, kenaka ankamufupa: uyu lichero la madeya, uyu mtolo wa nzimbe, uyu maungu, uyu mbatata. Akangomaliza, banja lina lafika ndi nyimbo yomweyo. Kukana sakadatha. Ukadya za kwa Nkhanga n'kukana za kwa Fulu, wayamba mlandu, ndipo iye adali mlendo wofuna kukhala bwino ndi aliyense. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Hatchi adadya, nadya, nadyanso.

Kutatsala miyezi iwiri kuti mpikisano uchitike, kudamveka mbiri yoti kwa Chipembere kwakula Nswala wina wachinyamata amene amathamanga m'mawa uliwonse asanadye kanthu. Mudzi wa Njati udangoseka. Nabulu yekha ndiye adayang'ana mimba ya Hatchi, ndipo zipsera za pamsana pake zidayamba kuyabwa. Adapita kwa mfumu.

"Zikomo mfumu, ndabwera ndi nkhani ya a Mwinifumbi. Anenepa."

"Eee, tithokoze," idatero mfumu ikumwetulira. "Timayesetsa."

"Ndikunena kuti anenepa kwambiri, mfumu."

Njati adatembenukira kwa Nguluwe, nduna yake yoweruza milandu. "Wamva? Ngakhale Nabulu waona. A kwa Chipembere adziwe kuti kuno sitimana mlendo."

Nabulu adapita kwa mayi Nkhanga.

"Mayi, a Mwinifumbi anenepa."

"Ndi madeya anga amenewo," adatero Nkhanga. "Ndimawathira kamchere."

Pomaliza adalimba mtima, n'kukagwada pamaso pa mwini wake.

"Bambo, mwanenepa."

"Zikomo mayi," adayankha Hatchi mwaulemu. "Inunso mukuoneka bwino."

Mwaliona vuto lake? Kwathu kuno kuuza munthu kuti wanenepa ndi kumuyamikira. Nabulu adachenjeza katatu ndipo katatu konse adathokozedwa. Adabwerera kwake mtima ukuwawa, n'kukhala pansi kuganiza. Ndani m'dziko muno amaloledwa kunena mawu owawa kwa wamkulu? Ndani amalanda chakudya m'mbale ya mnzake popanda mlandu? Alipo mmodzi yekha, msuweni. Msuweni amakunyoza pagulu iwe n'kumeza. Amakugwirira nkhuku pakhomo iwe n'kungoti ndidzakupeza. Akakhala wamkazi amakuitana kuti amuna anga, mkazi wako weniweni ali pompo, ndipo palibe wokwiya.

"Hatchi alibe mbale ndi mmodzi yemwe," adadziuza Nabulu. "Ndiye kuti malo a msuweni alibe mwini. Ndikhalapo ine."

M'mawa mwake banja la Fulu lidabwera ndi mtolo wa nzimbe. Nyimbo idaimbidwa, Hatchi adavina, mtolo udaikidwa pansi. Asanalume, Nabulu adatulukira pakati pa khamu.

"Amuna anga, mwadzuka bwanji? Kodi m'mimbamu muli ana angati?"

Hatchi adatembenuka.

"Mayi, mukulankhula ndi ine?" adafunsa Hatchi.

"Ndilankhulenso ndi ndani? Ndimayesa a mfumu amanga nkhokwe yatsopano, kuyandikira ndikupeza ili ndi mchira."

Atatero adatola mtolo wa nzimbe uja n'kuliyatsa liwiro. Hatchi chibadwire adali asadanyozedwepo chotero. Makutu adagona kumbuyo, n'kumutsatira. Kumapeto kwa mudzi kudali mtengo wa mkuyu, patsogolo pake chulu, ndiye kutali uko mlambe uja. Mwinifumbi, ngwazi ya zaka zitatu, adalephera kupitirira pamkuyu. Adaima pamenepo ali wefuwefu, thukuta kamukamu, bulu akuzimiririka ndi nzimbe kukamwa.

Mukuganiza kuti mudzi udadzidzimuka? Ayi ndithu.

"Amuleka dala," adatero Fulu. "Wamkulu sapikisana ndi bulu."

Tsiku lomwelo Nabulu adaitanidwa kubwalo.

"Wanyoza ngwazi ya mudzi ndipo waba nzimbe," adatero Nguluwe. "Unenapo chiyani?"

"Sindinabe, a nduna. Ndatenga za msuweni wanga."

"Msuweni wako ndani?"

"Omwewa. Atate awo ndi mayi anga adali a bere limodzi. Malume adagwidwa ndi anthu a zingwe akali mnyamata, ndipo mayi adamwalira akuwalira. Tsiku limene awa adafika ndi chingwe m'khosi ine ndidadziwa, koma ndinkaopa kuti mudzati ndikudziphatika kwa otchuka."

Bodza lenileni limenelo. Mayi a Nabulu adalibe mlongo.

"Umboni uli kuti?" adafunsa Nguluwe.

Nabulu adatukula mwendo. "Onani chiboda changa, a nduna, muonenso chawo. Tsono aliyense ayang'ane chake. Ndani wina m'mudzi muno ali ndi chiboda chosagawanika?"

Nguluwe adayang'ana chake, chogawanika. Mfumu idayang'ana chake, chogawanika. Mbuzi zidayang'ana zawo. Nkhanga adabisa zala zake m'fumbi.

"A Mwinifumbi, mukuti bwanji?" adafunsa Nguluwe.

"Kwathu sindikudziwa," adatero Hatchi. "Ndikane bwanji? Nanga ndivomere bwanji?"

Nguluwe adakanda pamutu. "Chibale ndi fupa, sichiola. Ngati mwini wake sanakane, ife sitingamukanire, ndipo chisuweni chilibe mlandu. Koma iwe Nabulu umve. Tsiku limene awa adzanene kuti si iwe mbale wawo, zonse wachitazi zidzasanduka milandu, ndipo udzasamuka m'mudzi muno."

"Ndamva, a nduna."

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse zidali zomwezo. Nyimbo, kuvina, lichero pansi, Nabulu n'kutulukira ndi chipongwe chatsopano, lichero n'kupita. Sindikubisirani, zambiri ankadya yekha, ndipo sankadandaula. Hatchi ankamuthamangitsa tsiku ndi tsiku m'mimba muli pululu. Sabata yoyamba ankalekera pamkuyu. Sabata yachiwiri adayamba kufika pachulu. Mudzi wonse udadana ndi Nabulu. Akazi adasiya kumupatsa moni ndipo ana ankamugenda. Iye ankangoyang'ana pamene Hatchi walekera, n'kusunga mumtima.

Kenaka mayi Nkhanga adabwera ndi nzeru.

"Bambo, musamuthamangitsenso. Akatenga lichero, ife tibweretsa awiri. Tione ngati angathe kudya mudzi wonse."

Zidachitikadi. Nabulu ankanyoza, Hatchi n'kuyang'ana kumbali. Ankatenga lichero, ena awiri n'kufika. Masiku atatu Hatchi sadathamange, ndipo mimba idayambanso kubwerera m'malo mwake. Tsiku lachinayi Nabulu adabwera wopanda phokoso, mutu uli pansi.

"Amuna anga, lero sindinabwere ndi zachipongwe. Imani kaye chomwecho. Musagwedezeke."

"Kwatani?"

"Nkhupakupa. Yaikulu ngati nsawa. Yabisala pansi pa mkanda."

Hatchi sankaopa mkango, koma nkhupakupa ankaiopa kwabasi.

"Ili pati? Chotsani msanga!"

"Weramani. Weramanibe. Mkandawu ukunditchinga."

Hatchi adaweramitsa khosi mpaka pansi. Nabulu adaluma mkanda, n'kuusolola kudzera kumutu, n'kuuponya m'khosi mwake. Ndiye adadutsa pakati pa mudzi akudzigwedeza, akufuula kuti aliyense amve.

"Chikole! Amayi inu, lululutani, andipatsa chikole! A Mwinifumbi atomera, ukwati tikakolola!"

Pamenepo ndiye padavuta. Kulandidwa nzimbe Hatchi akadapirira, koma kuti dziko lonse limve kuti watomera bulu ndi mkanda wa mfumu, ayi. Adafwenthera, n'kuyamba kumuthamangitsa. Adadutsa mkuyu, adadutsa chulu. Nabulu adaona kuti pa liwiro lokha agwidwa, ndiye adalowa tinjira tachidule timene adatidziwa zaka zake zosenza mitsuko. Hatchi sankatidziwa, ankazungulira njira yaitali. Tsiku limenelo adafika pamlambe koyamba chaka chimenecho, n'kubwerako wopanda mkanda.

M'mawa mwake Nabulu adaima pamkuyu, mkanda uli psuu m'khosi.

"Amuna anga, kodi ankhoswe mwawapeza?"

Adathamangitsananso. Mkuja chimodzimodzi. Sabata zitatu zidatha akuthamangitsana mpaka kumlambe. Malichero ankangodikira pakhomo nkhuku zikujompha, chifukwa mwini wake ankabwerako atatopa kotero kuti ankangofuna madzi ndi udzu pang'ono. Mimba idalowa, nthiti zidayamba kuoneka, miyendo idaumanso. A m'mudzi ankadandaula kuti bulu uja akuwondetsa ngwazi yawo ndi nkhawa.

Koma Nabulu naye zidamuthera. Bulu sadalengedwe kuti azithamanga. Ziboda zidang'ambika ndipo minga ya m'tinjira tija idamukalakala thupi lonse. Tsiku lililonse mpweya wa Hatchi unkamuyandikira kumchira. Ankadzuka m'mawa miyendo ikukana, n'kuiuza kuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, tiyeni. Tsiku lina Hatchi adamupeza pachulu penipeni, adamuluma khutu mpaka magazi, n'kulanda mkanda wake.

Kudatsala sabata imodzi. Mfumu idalamula kuti amange mpanda wautali kuzungulira nyumba ya Hatchi, n'kuika anyani awiri pachipata.

"Sabata ino ngwazi ipumule," idatero mfumu. "Idye bwino ibwezeretse thupi. Aliyense wa lichero alowe, koma wa makutu aatali ayi."

Nabulu adaima patali n'kumawerenga malichero olowa. Tsiku loyamba adalowa khumi. Ntchito ya sabata zisanu ndi ziwiri inkaonongeka iye akuona. Adapita kwa anyani, adamubweza. Adayesa kukumba pansi pa mpanda, adamuthira madzi otentha. Kulowa sakadatha, koma adakumbukira kuti mpanda sutchinga mawu.

Adaima kuseri kwa mpanda n'kuyamba nyimbo ya mayi Nkhanga. Maimbidwe adali omwewo, mawu okha ndiwo adapindika. Iye ankafunsa ngati alipo amene adaionapo miyendo ya Mwinifumbi, n'kudzivomera yekha kuti mudzi umangodziwa mimba yokha. Pamalo oomba m'manja paja ankaliza mkonono katatu. Ndi mawu a bulu, nyimboyo inkamveka mpaka kwa Chipembere.

Tsiku loyamba m'katimo mudali chete. Tsiku lachiwiri tiana ta mbuzi tidayamba kuvomera, chifukwa nyimbo yachipongwe ana sachedwa kuigwira. Tsiku lachitatu, mkonono wachitatu usadathe, kudamveka kugunda kwa ziboda m'kati mwa mpanda. Anyani adakweza maso n'kuona mimba ya Hatchi ikudutsa pamwamba pawo. Mpanda umene ngakhale Njati sakadasuzumira, iye adaulumpha osaukhudza.

Nabulu adathawa ndi mphamvu zake zonse, koma sizidathandize. Mkuyu usadafike, Hatchi adali atamupeza. Adamumenya chiboda m'nthiti, Nabulu n'kugwa chagada.

Ali pansi pomwepo adayang'ana mkuyu uli patsogolo, n'kuyamba kuseka ngakhale kuseka kunkamupweteka.

"Lero ndiye mwandigwira tisanafike n'pamkuyu pomwe," adatero. "Tsiku loyamba lija mukulikumbuka?"

Hatchi sadamve. Mkwiyo udali utamutseka makutu. Adamukokera kubwalo, mudzi wonse ukutsatira.

"A nduna, ndifunseninso funso lija," adatero.

Nguluwe adafunsa. "A Mwinifumbi, kodi uyu ndi msuweni wanu?"

"Sindimudziwa. Si mbale wanga."

Khamu lidakuwa mokondwa. Nguluwe adadikira kuti phokoso lithe.

"Nabulu, udamva chimene ndidanena. Mkuja ndi tsiku la mpikisano, ndipo sitipirikitsa munthu chisangalalo chili pakhomo. Mpikisano ukangotha, unyamule zako uzipita."

 Mawu a Hatchi adamupweteka Nabulu kuposa nthiti. Chisuwenicho adachipeka yekha, inde, koma miyezi iwiri yoitana wina kuti msuweni idali itamuzoloweretsa kukhala ndi mbale. Nayenso adali yekha m'mudzimo chimwalirire mayi ake. Adapita kwake, adamanga mphasa ndi timiphika take tiwiri, n'kudikira.

Tsiku lidafika. Midzi iwiri idasonkhana pabwalo, a kwa Njati uku, a kwa Chipembere uko. Nswala adatuluka, wochepa thupi, wodzaza ndi changu. Hatchi adatuluka ndi mkanda wake. Nguluwe adajambula mzere pansi, n'kuliza lipenga.

Adanyamuka. Pamkuyu Nswala adali patsogolo. Pachulu adali patsogolobe. A kwa Njati adayamba kuyang'anana, chifukwa zotere adali asadazionepo. Kenaka onse awiri adazimirira, kudatsala fumbi lokha. 

"Akubwera!" adafuula Nyani ali mumtengo.

"Patsogolo ndani?" idafunsa mfumu.

"Ali limodzi! Ayi, Mwinifumbi! Mwinifumbi wadutsa!"

Nswala adali ndi liwiro, koma njira ya kumlambe Hatchi adali ataiyenda sabata zitatu akuthamangitsa bulu, ndipo mpweya adali nawo. Pachulu adatsogola ndi khosi. Pofika pamkuyu adatsogola ndi thupi lonse. Mayi Nkhanga adalephera kudzigwira. Adayambitsa nyimbo mpikisano usadathe, khamu lonse n'kuvomera, manja n'kugunda katatu.

Apa ndiye chikondi chidatsala pang'ono kupha mudzi. Chaka chonse nyimbo imeneyo inkatanthauza chinthu chimodzi kwa Hatchi: ima, vina, lichero likubwera. Mutu unkadziwa kuti ali pampikisano, koma miyendo idamva nyimbo yake. Khosi lidadzuka monyadira, mapazi adayamba kuponda mwa gule. Nswala adamudutsa ngati muvi.

Oimba sadaone n'komwe, maso adali otsinzina ndi kukoma kwa nyimbo. Amene adaona ndi Nabulu. Adali ataima yekha kuseri kwa mzere, katundu ali kumsana. Adakoka mpweya mpaka nthiti yothyoka ija idabaya, n'kufuula mawu amene adaphimba nyimbo yonse.

"Amuna anga a nkhokwe! Vinani, vinani! Madeya akubwera! Kamwanako kapite, inu mudikire lichero!"

Makutu a Hatchi adagona kumbuyo. Khosi lidatsika. Amene adaona amati liwiro limenelo silidaonekepo, ngakhale zaka zitatu zija. Sankayang'ana Nswala, sankayang'ana mzere, ankayang'ana bulu. Nswala atatsala phazi limodzi kuti aponde mzere, mphuno ya Hatchi idali itadutsa kale.

Dziwe lidatsala kwa Njati. Koma palibe adalulutira, chifukwa Hatchi sadaime. Adapitirira mpaka pamene padali Nabulu, fumbi lili koboo, ndipo aliyense adadziwa kuti lero bulu wafa. Nabulu sadathawe. Miyendo yothawira idali itatha.

Hatchi adaima pamaso pake akupuma mwamphamvu. Adayang'ana khutu lolumidwa lija. Adayang'ana ziboda zong'ambika ndi zipsera zakale zimene zinkaonekera pansi pa katundu. Adatembenuka kuyang'ana njira imene wadzera, ndi Nswala ali gone pamzere. Khamu lidafika n'kuwazungulira.

"Tichotsereni ameneyu, bambo," adatero mayi Nkhanga. "Wanyozanso pamaso pa alendo."

"Nthawi yakwana, Nabulu," adatero Nguluwe. "Njira ndi iyo."

Nabulu adatembenuka kuti azipita.

"Akazi anga," adatero Hatchi, "katunduyo mukupita naye kuti?"

Nabulu adaima. Hatchi adapitiriza.

"Ndikufunsa inu a makutu ngati malichero. Ndi mudzi uti ungakulandireni ndi mawu amenewo? Mukangoti moni, nkhuku zisiya kuikira. Ndipo nzimbe zanga mwadya miyezi iwiri, osanenepa n'pang'ono pomwe. Mumadyera kuti?"

Nguluwe adatsokomola. "A Mwinifumbi, dzana lomweli mudanena pabwalo kuti simumudziwa."

"Ndidanena, a nduna. Kodi msuweni sakanidwa pagulu? Iye adanditcha nkhokwe, ine ndidamutcha mlendo. Tidabwezerana." Adayang'ana Nabulu m'maso. "Makutu awa ndi a azakhali anga enieni. Ndikadawazindikira paliponse."

Azakhali amenewo sadakhaleko padziko, ndipo onse awiri ankadziwa.

Nguluwe adayang'ana mfumu, mfumu idayang'ana pansi. "Chisuweni chilibe mlandu," idatero nduna. "Masula katundu, Nabulu."

Nabulu, amene chiyambire sadasowepo choyankha, adatsegula pakamwa kuti abweze chipongwe. Mawu sadatuluke. Chidatuluka ndi chinthu china, kuseka kosakanikirana ndi kulira, kukoka mpweya n'kuutulutsa, kukoka n'kuutulutsa, mpaka mudzi wonse udamva. Ndiko kulira kumene abulu akulira mpaka lero, ndipo inu mukakumva mumati ndi phokoso chabe.

Yathera pamenepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akafukule isadapserere.